Maungu a pakhonde afike mumphika

Mvula ikakata mu Epulo, midzi yozungulira Chipata imasintha maonekedwe. Amene wayenda mumsewu wa ku Mwami kapena wa ku Katete waona maungu ali mbwee pamakonde, ena obiriwira, ena amawangamawanga, ena achikasu, pambali pake pakuuma zikho. Ku America anthu amagula maungu mu Okutobala, nyengo yawo ya masika, kuti akongoletse pakhomo, ndipo ambiri mwa maunguwo amathera kudzala. Kwathu kuno dzungu limakongoletsa khonde lili paulendo wopita mumphika.

Komatu si onse amene amafika. Chaka chatha mu Julayi tinachezera mmodzi wa ophunzira athu akale amene anakolola maungu oti aliyense wodutsa ankaima n'kuyamikira. Tinapeza ntchentche zili ng'waa pamulu. Anawathyola opanda kaphesi, nawaunjika pasimenti m'chipinda chosapita mphepo, ndipo limodzi litawola linawoletsa anzake. Banjalo linali litawerengera maunguwo kuti ndiwo kadzutsa wa ana mpaka nyengo yotentha.

Akulu anati sunga khosi, mkanda uoneka. Kusunga dzungu kumayambira kumunda. Tidikire likhwime: kaphesi kake kaume, khungu lilimbe mwakuti chikhadabo chisalowe. Podula tigwiritse ntchito mpeni, tisiyeko kaphesi kotalika masentimita 5 kapena kuposerapo, ndipo tisanyamulire pamenepo, pakuti kakathothoka pamatsala chilonda cholowera zowoletsa. Kenaka tiwayanike pouma, popita mphepo, kwa masiku pafupifupi 10 kuti khungu likhwimitsitse ndi timikwingwirima tipole.

Atatero, tiwakonzere thandala pakhonde pamene pali mthunzi, lokwera bwino kuti chinyontho, nkhuku ndi mbuzi zisawapeze. Tiwandandike mzere umodzi, osasanjikiza, osakhudzana. Khonde lotere limaoneka bwino kuposa mulu, ndipo diso limaona msanga dzungu lodwala. Lachisanu lililonse, pokonzekera Sabata, tiwayendere limodzilimodzi. Lofewa, loboola tizilombo kapena lodyedwa ndi makoswe liphikidwe tsiku lomwelo ngati likadali labwino. Dzungu losungidwa motere limatha miyezi 3 kapena kuposerapo, ndipo pa nthawiyo pamsika wa Kapata maungu amakhala atachepa.

Tisaiwale za mbewu. Dzungu limene lakhalitsa osawola, lotsekemera, lachikasu kwambiri m'kati, ndilo lili ndi Vitamini A wochuluka wothandiza maso ndi thanzi la ana. Nthanga zake titsuke, tiumitse pamthunzi, tisunge m'botolo lotseka bwino kufikira mvula yoyamba. Zotsala tikazinge kapena tisinje zotendera ndiwo.

Mlengi anatipatsa mbewu imene masamba ake, maluwa, chipatso ndi nthanga zonse n'zodyedwa, ndipo ife ndife adindo ake. Ophunzira amene muli pano, thandala lachitsanzo tidzamanga pamodzi tisanayambe kukolola. Inu amene munamaliza, tikadzafika kwanu mu Ogasiti tidzayamba taona pakhonde.