Ogwira Ntchito ya Kafukufuku wa m'Mayunivesite ku Malawi

Kafukufuku wa m'mayunivesite ndi ntchito yofunafuna mayankho a mafunso amene sanayankhidwepo, potsata njira zimene katswiri wina akhoza kuzibwereza kuti atsimikize ngati zopezekazo zili zoona. Ku Malawi ntchitoyi imayenda kwambiri mwa mapulojekiti, ndiko kunena ntchito zokhala ndi cholinga chimodzi, ndalama zowerengeka ndi nthawi yoikika, ndipo ndalama zambiri zimachokera kunja kudzera m'mgwirizano wa masukulu aukachenjede a m'dziko muno ndi anzawo a ku Ulaya ndi ku America. Kayendetsedwe kameneka ndi kamene kamaumba moyo wa aliyense wogwira ntchitoyi, kuyambira pulofesa mpaka dalaivala.

Migwirizano yakale kwambiri ndi ya zaumoyo. Kafukufuku wa matenda a khate anayamba ku Chilumba m'boma la Karonga mu 1979 mogwirizana ndi London School of Hygiene and Tropical Medicine, ndipo pambuyo pake anakula n'kufika pa chifuwa chachikulu ndi HIV. Mu Blantyre, Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor anayamba kufufuza malungo a muubongo mwa ana pachipatala cha Queen Elizabeth m'zaka za m'ma 1980, College of Medicine isanatsegulidwe mu 1991, ndipo mu 1995 panakhazikitsidwa Malawi-Liverpool-Wellcome, mgwirizano umene lero ukuphatikiza Kamuzu University of Health Sciences ndi masukulu awiri a ku Liverpool. Ku Lilongwe, University of North Carolina imagwira ntchito yake pachipatala cha Kamuzu Central. Koma kafukufuku sali wa madokotala okha, pakuti Centre for Social Research ya ku Zomba imafufuza za chikhalidwe ndi umoyo wa anthu, Centre for Language Studies imasonkhanitsa mawu ndi kulemba mabuku otanthauzira mawu, akatswiri a ku Bunda amafufuza za nthaka, mbewu ndi nsomba, pamene University of Pennsylvania yakhala ikutsatira mabanja a ku Balaka, Mchinji ndi Rumphi kuyambira mu 1998.

Pamwamba pa pulojekiti iliyonse pamakhala mkulu wa kafukufuku, amene kawirikawiri amakhalanso mphunzitsi wa payunivesite. Nthawi yake yambiri imathera pa kulemba pempho la ndalama, chikalata chofotokoza funso lofufuzidwa, njira yoliyankhira, anthu ofunika ndi mtengo wa chinthu chilichonse, kuyambira mafuta a galimoto mpaka timabotolo tosungiramo magazi. Pempholo limapikisana ndi ena ochokera m'mayiko ambiri, ndipo ochuluka amabwezedwa. Likapambana, ntchito siyamba mpaka komiti yoona za ufulu ndi chitetezo cha otenga nawo mbali, monga COMREC kapena National Health Sciences Research Committee, italivomereza. Pansi pa mkuluyu pali ophunzira a digiri yachiwiri ndi yachitatu, amene ambiri amalipiridwa sukulu ndi pulojekiti yomweyo, komanso woyendetsa ntchito za tsiku ndi tsiku ndi akauntanti amene amaonetsetsa kuti tambala iliyonse ili ndi lisiti lake.

Komabe unyinji wa antchitowa ndi anthu amene mayina awo saoneka pamwamba pa zolemba zosindikizidwa. Wofunsa mafunso m'midzi amayamba waonekera kwa amfumu, kenaka amafika pakhomo, n'kuodira, n'kukhala pamkeka ndi mwini nyumba, ndipo asanafunse kanthu amamuwerengera chikalata cha chilolezo m'chinenero chake, chofotokoza cholinga cha kafukufuku, zovuta zimene zingakhalepo ndi ufulu wokana kapena wosiyira panjira popanda kutaya thandizo la kuchipatala. Wosadziwa kulemba amadinda chala pamaso pa mboni. Mayankho amalowa m'tabuleti, ndipo madzulo woyang'anira amawasanthula n'kubweza wofunsayo kukhomo komweko ngati zaka za mwana sizikugwirizana ndi tsiku lobadwa lolembedwa m'buku lake la kusikelo. Namwino wa kafukufuku amatenga magazi n'kumata nambala pabotolo m'malo mwa dzina, kuti chinsinsi cha munthu chisungike, dalaivala amathamangitsa bokosi lozizira kuti lifike kulabotale nthawi isanathe, ndipo kumeneko katswiri amapaka dontho la magazi pagalasi, n'kulithira utoto, n'kuwerenga tizilombo ta malungo pamakina oonera zinthu zing'onozing'ono. Cholakwika chimodzi pa mndandanda umenewu chikhoza kuwononga ntchito ya miyezi yambiri.

Luso lovuta kwambiri la antchito a m'midzi ndi lochititsa anthu kuwakhulupirira. Nkhani ya magazi ndi yosachedwa kuutsa mantha, ndipo mphekesera za anamapopa, monga zimene zinabuka m'maboma a kummwera mu 2017, zimaika pachiswe aliyense woyenda ndi jakisoni ndi mabotolo. N'chifukwa chake mapulojekiti amakhazikitsa makomiti a anthu a m'deralo, okhala ndi mafumu, atsogoleri a mipingo ndi ena odalirika, amene amamva madandaulo ndi kulangiza ofufuza asanalowe m'mudzi.

Zipatso za ntchitoyi zafika kutali. Muyeso wa Blantyre Coma Scale, wodziwira kukula kwa chikomokere mwa mwana wodwala malungo, umagwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri. Kafukufuku wa HPTN 052, amene mabanja a ku Lilongwe ndi Blantyre anatenga nawo mbali, anaonetsa mu 2011 kuti kuyamba msanga kumwa ma ARV kumachepetsa ndi 96 pa 100 aliwonse mpata wopatsira mnzako kachilombo. Katemera wa taifodi anayesedwa pa ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa asanalowe m'ndondomeko ya katemera ya dziko lonse mu 2023.

Ngakhale zili choncho, ntchitoyi ili ndi chofooka chimene chimachokera ku gwero la ndalama zake. Antchito ambiri amalembedwa pakontilakiti yotha pamodzi ndi pulojekiti, kotero kuti namwino wodziwa bwino ntchito amayambanso kusaka kwina thumba likauma, monga zinaonekera mu 2025 pamene boma la America linaimitsa thandizo lambiri lopita kunja. Ndiponso popeza mwini ndalama ndiye amasankha mitu yoti ifufuzidwe, matenda opatsirana amapeza thandizo msanga kuposa mbiri yakale, zinenero kapena luso la zomangamanga, ndipo kwa nthawi yaitali Amalawi ankasonkhanitsa zofunika pamene kusanthula ndi kulemba kunkachitikira kunja. Zinthu zikusintha pamene Amalawi ambiri akutsogolera okha mapulojekiti ndi kupambana mipikisano ya ndalama m'dzina lawo, koma ntchitoyi idzakhazikika ngati ntchito yodalirika pokhapokha boma, kudzera ku National Commission for Science and Technology, ndi mayunivesite eniake adzaika ndalama zokwanira zosungira antchito aluso pakati pa pulojekiti imodzi ndi inzake, ndi zofufuzira mafunso amene dziko lenilenilo likuwaona kuti ndi ofunika.