Makoleji a Zaumisiri a m'Madera: za Oloŵa ndi za Omaliza

Munthu woyenda pa mseu wochokera pa boma la Mangochi kupita ku Monkey Bay, akamadutsa ku Mpwepwe, ku Nkopola ndi ku Makokola, sangalephere kuona kuti dera limeneli limadalira luso la manja. Apa akukhoma boti la matabwa, apo akuwotcherera chitseko chachitsulo, patsogolo pang'ono mnyamata wamasula injini ya njinga yamoto ya kabaza, ndipo pakhonde la sitolo telala waŵerama pa makina ake. M'mahotela a m'mbali mwa nyanja mumafunika anthu odziŵa zamagetsi, zamipope ya madzi ndi zokonza mafiriji. Ambiri mwa amisiri ameneŵa adaphunzira kwa amalume ao kapena kwa mmisiri wina amene adaŵalola kumamugwirira zida, ndipo alibe pepala lochitira umboni zimene manja ao amadziŵa.

M'chaka cha 2015 boma la Malaŵi, motsogozedwa ndi Pulezidenti Peter Mutharika, lidayamba kutsegula makoleji a zaumisiri a m'madera, ndipo mwambo woyambira udachitikira ku Ngara m'boma la Karonga. Cholinga chidali chakuti boma lililonse mwa maboma 28 a dziko lino likhale ndi koleji yakeyake, kuti achinyamata amene sadapeze malo ku yunivesite, kapena ku makoleji akuluakulu monga Soche, Nasawa ndi Lilongwe, aphunzire kufupi ndi kwao ntchito zomanga nyumba, ukalipentala, utelala, kuwotcherera zitsulo ndi zina zotere. Mangochi nayo ili ndi koleji yotere. Ganizoli ndi labwino, ndipo palibe amene angalitsutse. Koma pali funso limene kaŵirikaŵiri limaiŵalika pa tsiku lotsegulira, pamene ng'oma zikulira ndipo akuluakulu akuyankhula: mwa achinyamata amene aloŵa pa chipata lero, ndi angati adzafike kumapeto, nadzatuluka ndi satifiketi m'manja ndiponso luso lopezera chakudya?

Funsoli si la Malaŵi yekha. Dziko limene lalimbana nalo kwa nthaŵi yaitali ndi United States, kumene makoleji a m'madera adayamba kale. Yakale kwambiri mwa amene alipobe ndi ya ku Joliet, imene idatsegulidwa m'chaka cha 1901. Makoleji ameneŵa amalandira pafupifupi aliyense, ndipo fizi yake ndi yotsika. Komabe kwa zaka zambiri zinkapezeka kuti mwa ophunzira 10 oloŵa, omaliza maphunziro m'zaka 6 sankakwana 4. Anthu ankaimba mlandu ophunzirawo: ndi aulesi, ndi ofooka m'mutu, sadakonzekere. M'chaka cha 2015 akatswiri atatu a pa Columbia University, Thomas Bailey, Shanna Smith Jaggars ndi Davis Jenkins, adasindikiza buku lotchedwa Redesigning America's Community Colleges, limene lidatembenuza mlanduwo. Iwo adafanizira koleji yotere ndi nyumba yodyera m'mene zakudya zambirimbiri zayalidwa, aliyense nkumadzipakulira yekha. Wophunzira wochokera ku banja la anthu ophunzira amadziŵa choti atenge. Mwana wa munthu wosauka, amene kwao palibe adapondako ku koleji, amatola apa ndi apo, amatha zaka ndi ndalama pa maphunziro osalumikizana, mpaka tsiku lina amangoleka kubwera, popanda ndi mmodzi yemwe womufunsa. Chimene akatswiriwo adalangiza nchakuti koleji ikhale ndi njira zoŵerengeka koma zooneka bwino, wophunzira adziŵe pa tsiku loyamba kumene njira yake ikathere, ndipo pakhale munthu woyang'anira mayendedwe ake.

Umboni wakuti zotere zimathandiza udachokera ku New York. M'chaka cha 2007 City University of New York idayambitsa dongosolo lotchedwa ASAP. Wophunzira woloŵamo ankalonjeza kuti aziphunzira tsiku lonse osati modukizadukiza, ndipo koleji inkamulipirira fizi imene yapereŵera, kumubwereka mabuku kwaulere, kumupatsa tikiti yokwerera basi ndi sitima, ndi kumupatsa mlangizi wokumana naye kaŵiri pa mwezi. Mlangizi mmodzi ankasamala ophunzira a pakati pa 60 ndi 80, pamene kwina mlangizi ankakhala ndi mazanamazana. Bungwe lofufuza la MDRC lidagaŵa ophunzira pafupifupi 900 m'magulu aŵiri mwa maere, ndipo patapita zaka 3 lidapeza kuti 40 pa 100 alionse a m'dongosololi adamaliza, pamene mwa anzao aja adamaliza ndi 22 okha. Atayesa njira yomweyo m'makoleji atatu a ku Ohio, omaliza adali 35 poyerekeza ndi 19. Chinthu chofunika kuchigwira bwino nchakuti aphunzitsi ndi maphunziro adali omwewo. Chidasintha ndi zimene zimazungulira wophunzira. Ndalama zoonongedwa pa mutu wa wophunzira mmodzi zidakwera ndithu, koma ku New York mtengo wa satifiketi imodzi udatsika, pakuti ndalama yothera pa munthu amene wasiyira panjira imakhala ngati yataika.

Wina adzati: za ku America nza ku America, ife tilibe chuma chao. Nzoona. Ndiponso koleji ya zaumisiri ya kuno sili ngati nyumba yodyera ija, chifukwa woloŵa ukalipentala amaphunzira ukalipentala basi. Komabe chisokonezo cha mtundu wina tidali nacho: kwa zaka zambiri mmisiri wa ku Malaŵi ankayesedwa m'njira zitatu zosiyana, ya National Trade Test, ya Malawi Craft, ndi ya bungwe la TEVETA limene lidakhazikitsidwa mwa lamulo m'chaka cha 1999. Wophunzira ndi wolemba ntchito yemwe sankadziŵa pepala loposa linzake, mpaka boma lidaphatikiza njirazo. Pamenepo ndiye tapitako patsogolo. Zimene zatsala ndi zija zozungulira wophunzira, ndipo m'mbali mwa nyanja zili ndi nkhope yakeyake.

Choyamba ndi mtunda. Pa kalembera wa 2018 boma la Mangochi lidapezeka ndi anthu opitirira 1.1 miliyoni, omwazikana kuyambira ku Makanjira kutsidya kwa nyanja, ku Namwera kumapiri, mpaka ku Chilipa ndi ku Monkey Bay. Kuchokera ku Makokola kokha kufika pa boma pali makilomita opitirira 20. Koleji imodzi m'boma lotere ndi ya "m'dera" kwa oŵerengeka okha. Ena onse ayenera kulipira matola tsiku ndi tsiku kapena kuchita lendi kachipinda ndi kudziphikira. Tikiti ya basi ya ku New York ija, kwathu kuno ndi njinga yakapalasa yobwereketsa, kapena malo ogona otetezeka, makamaka a atsikana. Kamtsikana kochita lendi kokha pa malo a malonda, kopanda ndalama ya ndiwo, tonse tikudziŵa mayesero amene kamakumana nao, ndipo ambiri a ife tidamvapo m'maparishi m'mene nkhani zotere zimathera.

Chachiŵiri, chimene ine ndimachiona chachikulu koposa, ndi kalendala. Tiyerekeze mnyamata wa zaka 19 wa ku Makawa amene waloŵa maphunziro okonza njinga zamoto. Kwao amadya chifukwa iye amapita nao ku chilimira usiku, kukapha usipa ndi nyali. Pamene mwezi uli mumdima ndipo usipa ukugwa, mwini boti amamufuna, ndipo usiku umodzi wabwino ungampatse ndalama yoposa imene angaione m'sabata yathunthu pamtunda. M'maŵa amafika m'kalasi maso ali psuu, kapena safika konse. Akajomba masabata aŵiri, anzake apitirira, iye amachita manyazi, ndipo sabwereranso. Koleji imalemba kuti "adathaŵa sukulu." Koma kodi adathaŵa ndani, mnyamatayo kapena ndandanda imene idakonzedwa ngati kuti wophunzira aliyense ndi mwana wa munthu wolandira malipiro pa mwezi? Nyanja ili ndi nyengo zake zodziŵika. M'miyezi ya Juni ndi Julayi mwera umakalipa, ndipo masiku ambiri mabwato satuluka. Mu Novembala ndi Disembala makoka a m'mbali mwa nyanja amaletsedwa kuti chambo chiswane. Maphunziro ogaŵidwa m'zigawo zazifupi, chigawo chilichonse chokhala ndi mayeso ake ndi umboni wake wolembedwa, angathe kuunjikidwa m'nyengo zotere. Ndipo amene waimitsa chifukwa cha nsomba, matenda a kholo kapena uchembere, angabwerere nkuyambira pamene adalekera, osati pachiyambi. Maphunziro a TEVETA ngogaŵidwa kale m'magawo ndi m'masitepe, choncho maziko alipo. Chofunika ndi mtima wolola kuti khomo lobwererera likhale lotsekula.

Pali nkhani ya chiyankhulo ndi masamu. Ana ambiri a m'boma lino amakula akuyankhula Chiyao, amaphunzira Chicheŵa pa sukulu ndi pa msika, kenaka amayesedwa m'Chingerezi. Mnyamata angathe kulumikiza mawaya bwino lomwe, nalephera funso lolembedwa chifukwa cha mau aŵiri amene sadaŵamve. Ku America adapeza kuti kutsekera ophunzira otere m'makalasi apadera obwereza Chingerezi ndi masamu, asanakhudze ntchito imene adadzera, kunkaŵathamangitsa ambiri. Ku chigawo cha Washington adayesa njira yotchedwa I-BEST, yoika aphunzitsi aŵiri m'kalasi imodzi, wina wa luso, wina wa kuŵerenga ndi masamu. Tanthauzo lake kwa ife nlosavuta: masamu a kalipentala aphunzitsidwe pa thabwa ndi tepi m'manja, ndipo mphunzitsi asachite manyazi kufotokoza m'Chiyao kapena m'Chicheŵa asanapereke liu la Chingerezi.

Tsono pali mlangizi. M'boma la Mangochi mnyamata aliyense ali naye kale mlangizi wamphamvu: mbale wake amene ali ku Joni, amene amatumiza zithunzi pa foni ndiponso wamanga nyumba yamalata kumudzi. Ulendo wa ku South Africa ndi mwambo wakale kuno, ndipo sitingauthetse ndi ulaliki. Koma wopita ndi satifiketi ya zowotcherera amakapeza moyo wosiyana ndi wopita chimanjamanja, ndipo payenera kukhala munthu womuuza zimenezi nthaŵi ikadalipo, munthu amene amazindikira pa tsiku lachitatu kuti mpando wakutiwakuti uli wopanda munthu, nakwera njinga kukafunsa kwao. Boma silingalembe alangizi okwanira. Apa mpamene mafumu, mashehe, ansembe ndi akuluampingo, amene amadziŵa mabanja ndi maina, angagwirizane ndi koleji kuti wophunzira aliyense akhale ndi wamkulu mmodzi womuyang'anira. M'dera limene Asilamu ndiwo ambiri, ntchito yotere singayende ngati mpingo umodzi uiyesa yakeyake.

Malo amene ambiri amagwera pomaliza ndi nthaŵi yokaphunzira pa ntchito. Wophunzira amayenera kukakhala miyezi ingapo kwa wolemba ntchito asanamalize, ndipo TEVETA imapeza ndalama zake zambiri ku msonkho wa 1 pa 100 wa malipiro amene olemba ntchito amapereka. Dongosolo limeneli lidaganiziridwa makampani a ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Kunyanja kuno malo aakulu ngoŵerengeka: mahotela a ku Nkopola ndi ku Makokola, kampani ya nsomba ya Maldeco, doko la sitima la ku Monkey Bay, ndi koleji ya zausodzi ya ku Mpwepwe imene ili ndi mbiri yokhoma maboti. Sangalandire onse. Wophunzira wotumizidwa ku Blantyre wopanda m'bale kumeneko amabwerako ndalama zikatha, maphunziro osamaliza. Amene angamulandire pafupi ndi mmisiri uja wa pansi pa mtengo wa mango, amene ali ndi ntchito tsiku lililonse koma alibe pepala, kotero kuti nkovuta kuti koleji imuŵerengere ngati mphunzitsi. TEVETA ili nayo njira yoyesa ndi kuvomereza luso limene munthu adaliphunzira kunja kwa sukulu. Amisiri a m'mbali mwa mseu wa Monkey Bay atayesedwa mwa njira imeneyi, nalembedwa m'kaundula wa koleji, ndi kupatsidwa kangachepe pa wophunzira aliyense amene amsunga, mnyamata wa ku Makawa uja angamalize miyezi yake ya pa ntchito akugona kwao.