CIAA: bungwe la masewero lomwe linabadwa m'nthawi ya tsankho ku America

Chaka chilichonse chakumapeto kwa mwezi wa February, anthu zikwizikwi amakhamukira mumzinda wa Baltimore m'dziko la America kukaonerera mpikisano wa basketball wa bungwe la Central Intercollegiate Athletic Association (CIAA). Bungweli ndi lakale kwambiri mwa mabungwe onse oyendetsa masewero m'sukulu zaukachenjede zomwe zinakhazikitsidwa pofuna kuphunzitsa anthu akuda.

CIAA inakhazikitsidwa m'chaka cha 1912 pasukulu ya Hampton Institute m'chigawo cha Virginia. Sukulu zisanu ndizo zinayambitsa bungweli: Hampton, Howard, Lincoln, Shaw ndi Virginia Union. Nthawi imeneyo malamulo a tsankho m'zigawo za kum'mwera kwa dzikolo sankalola akuda kuphunzira limodzi ndi azungu, ndipo matimu a mitundu iwiriyi sankakumana pabwalo. Choncho sukuluzi zinagwirizana zokonza mipikisano yawoyawo. Poyamba chilembo choyamba cha dzinali chinkaimira mawu akuti Colored, koma mu 1950 chinasinthidwa kukhala Central.

Sukulu za mtundu umenewu si zachilendo kwa anthu a mu Africa. Nnamdi Azikiwe wa ku Nigeria ndi Kwame Nkrumah wa ku Ghana anaphunzira ku Lincoln, pomwe Dr Hastings Kamuzu Banda anatsiriza maphunziro a udokotala mu 1937 ku Meharry Medical College, sukulu inanso ya anthu akuda.

Ngakhale ndalama zinali zochepa, luso la osewera a CIAA linali lalikulu. Mu March 1944, mphunzitsi John McLendon wa timu ya North Carolina College anakonza masewero achinsinsi ndi ophunzira achizungu a zachipatala a yunivesite ya Duke. Zitseko za holo zinakhomedwa kuti nkhaniyi isamveke, ndipo timu ya McLendon inapambana 88-44. Patatha zaka ziwiri, mu 1946, iye ndi anzake anayambitsa mpikisano wa pachaka wa CIAA mumzinda wa Washington.

Pa 31 October 1950, Earl Lloyd, yemwe anachokera ku West Virginia State, sukulu imene inali m'bungweli nthawiyo, anakhala munthu wakuda woyamba kusewera mu ligi yaikulu ya NBA. Mu 1967, timu ya Winston-Salem State, motsogozedwa ndi mphunzitsi Clarence Gaines komanso katswiri Earl Monroe, inakhala sukulu yoyamba ya anthu akuda kutenga chikho cha basketball cha NCAA, bungwe loyang'anira masewero a m'makoleji m'dziko lonselo.

Koma kutha kwa malamulo a tsankho kunabweretsa vuto lina. Khoti lalikulu litagamula mu 1954 kuti kupatula ana m'sukulu za boma potengera khungu n'kosemphana ndi malamulo, mayunivesite akuluakulu anayamba pang'onopang'ono kulandira akuda. Popeza sukuluzo zinali ndi ndalama zambiri, mabwalo amakono ndiponso mwayi woonekera pa wailesi yakanema, achinyamata aluso ambiri anasankha kupita kumeneko.

Mamembala enanso anachoka. Mu 1970, Howard, Morgan State, North Carolina A&T ndi sukulu zina zinapanga bungwe latsopano la MEAC pofuna kukapikisana pamlingo wapamwamba. Hampton, komwe CIAA inabadwira, nayonso inachoka mu 1995. CIAA inatsala mu gawo lachiwiri la NCAA, momwe ndalama zimakhala zochepa. Komabe matimu ake sanagonje: Virginia Union inatenga chikho cha gawolo mu 1980, 1992 ndi 2005.

Lero bungweli, lomwe likulu lake lili ku Charlotte, lili ndi sukulu zoposa khumi, kuchokera ku Pennsylvania mpaka ku South Carolina. Mphamvu yake yagona pa mpikisano wa pachaka uja, womwe unachitikira ku Charlotte kuyambira 2006 mpaka 2020, ndipo wakhala ukuchitikira ku Baltimore kuyambira 2022. M'sabata ya mpikisanowu mumakhalanso zoimbaimba, zionetsero za ntchito ndi maphunziro, komanso mikumano ya omwe anaphunzira m'sukuluzi kalekale. Mizinda imalimbirana mwambowu chifukwa cha malonda omwe alendo amabweretsa, ndipo gawo la ndalama zopezeka limathandiza kulipirira maphunziro a achinyamata m'sukulu za bungweli.