UMISIRI WOSAGWIRA NYUNDO

Munthu wofika m'komboni ya Mandevu, kumpoto kwa mzinda wa Lusaka, amalandiridwa ndi phokoso la nyundo ndi macheka. Kumeneko kuli amisiri a mipando, a zitseko ndi a mbaula, ndipo ambiri a iwo anaphunzira nchitoyo poyang'ana manja a akulu awo. Koma m'mbali mwa mseu womwewo muli tinyumba tating'ono totumizirapo ndalama pa lamya. Mai wogulitsa tomato akapereka K200 pamenepo, apongozi ake ku Katete amailandira nsima isanapse.

Ndalamayo siyenda yokha. Kuseli kwake kuli mmisiri wina amene saoneka, ndipo sagwira nyundo kapena mpini. Iyeyu ndiye wolemba mapulogalamu a kompyuta.

NCHITO YAKE NJOTANI?

Kompyuta, ngakhale lamya ya m'manja, ndi wanchito wacangu koma wopanda nzeru zakezake. Imacita cokhaco cimene yauzidwa. Wolemba mapulogalamu ndiye amaiikira malamulo mwa ndondomeko, m'zinenero za makina monga Python ndi Java: ukaona nambala yacinsinsi yolondola, cotsa ndalama uku, uike uko, utumize uthenga kwa onse awiri. Akalakwitsa kadontho kamodzi, nchito yonse imaima, ndipo angathe tsiku lathunthu akufunafuna polakwikapo. Ncifukwa cake amene aidziwa nchitoyi amati imafuna kudekha koposa kucenjera, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Alimi anakumana nayo kale nchito ya amisiriwa. Khadi la feteleza la FISP, limene linayamba kuyesedwa m'nyengo ya ulimi ya 2015/2016, linadalira mapulogalamu otere. Pamene khadi linali kugwira bwino, mlimi anali kutenga katundu wake msanga. Pamene makina anali kukana dzina lake, mvula inali kumupita ali pamzere.

KUMENE INACOKERA

Dziko la Zambia silinacedwe pa nkhaniyi. M'caka ca 1994 Yunivesite ya Zambia inakhazikitsa kampani ya ZAMNET, ndipo dziko lino linakhala limodzi mwa maiko oyamba mu Africa kulumikizidwa ku intaneti. Komabe kwa zaka zambiri acinyamata omaliza maphunziro a kompyuta anali kusowa kopita. Anali ndi mapepala, koma analibe wowaonetsa nchito yeniyeni.

M'caka ca 2011 a Lukonga Lindunda, a Simunza Muyangana, a Silumesii Maboshe ndi a Bart Cornille anayambitsa BongoHive mu Lusaka. Poyamba kunali kukumana cabe kwa anthu ophunzitsana kulemba mapulogalamu, koma pambuyo pake malowa anasanduka nkhokwe yolerera makampani ang'ono-ang'ono ongoyamba kumene. Posakhalitsa a Ella Mbewe, a Regina Mtonga ndi a Chisenga Muyoya anayambitsa bungwe la Asikana Network, lolimbikitsa atsikana kulowa umisiriwu, popeza ambiri anali kuuyesa wa amuna okha.

Kuyamba kampani yotere kuli ngati kulima munda watsopano: mbewu ingamere bwino koma osafika m'nkhokwe. Kampani ya Zoona, imene inayamba m'dziko muno m'caka ca 2009, inadzaza misika ndi tinyumba take totumizira ndalama, nifika ku Malawi ndi ku Mozambique. Koma makampani akulu-akulu a lamya atalimbika pa malonda omwewo, Zoona inabwerera m'mbuyo, ndipo m'caka ca 2022 kunalengezedwa kuti kampani ya Chipper Cash idzaigula. Wacinyamata wolota za cuma ca msanga ayenera kuikumbukira nkhani imeneyi.

MAKINA OSAMVA CINYANJA

Masiku ano nkhani ili m'kamwa-m'kamwa ndi ya luntha la makina, lochedwa AI. Apa mmisiri salemba lamulo lililonse payekha, koma amaonetsa makina zitsanzo zikwi-zikwi kufikira atazindikira okha kusiyana kwa zinthu. Pulogalamu ya Nuru, yopangidwa ndi bungwe la PlantVillage, inaonetsedwa zithunzi zambiri za masamba odwala, ndipo imathandiza mlimi kuzindikira matenda a cinangwa ndi kuononga kwa mbozi zija zinalowa m'minda ya cimanga kumapeto kwa caka ca 2016.

Koma makina amaphunzira cokhaco cimene adyetsedwa. Cingelezi cili ndi mabuku ndi mau ojambulidwa osawerengeka, pamene Cinyanja cili ndi zocepa. Zotsatira zake nzakuti makina amamva bwino munthu wa ku London, koma amadodoma akamva agogo a ku Petauke. Ngati zinthu zikhala tero, uphungu wa ulimi, wa cipatala ndi wa ndalama udzafika kwa odziwa Cingelezi okha, ndipo amene aufuna koposa ndiwo adzatsalira.

Amene anaika mtima pa vutoli ndi a Claytone Sikasote, a ku cigawo ca maphunziro a kompyuta pa Yunivesite ya Zambia. Iwo anayamba ndi Cibemba, nasonkhanitsa mau ojambulidwa a maola oposa 24. M'caka ca 2023, pamodzi ndi anzao, anatulutsa nchito yochedwa Zambezi Voice, momwe muli maola oposa 80 a anthu owerenga mabuku a Cibemba, Cinyanja, Citonga ndi Cilozi. Munthu amawerenga ciganizo, mau ake amajambulidwa, ndipo amaikidwa pamodzi ndi zolembedwazo kuti makina aphunzire kuti kamvekedwe aka ndi liu ili. Motero cinenero cimene mwana wa m'komboni anali kukalipidwa naco m'kalasi casanduka cuma cofunidwa ndi akatswiri.

ZOPINGA ZILIPO

Njira ya mwana wa ku Mandevu kapena ku Chadiza siili yosalala. Kompyuta ndi yokwera mtengo, ndipo mabando a intaneti amadya ndalama ya ndiwo. Pamene ana a Giredi 9 analemba mayeso a kompyuta kwa nthawi yoyamba m'caka ca 2015, m'masukulu ena anacezera usiku podikirana pa makina ocepa. M'caka ca 2024 cilala cinaphwetsa madzi ku Kariba, ndipo makomboni a Lusaka anali kukhala opanda malaiti pafupi-fupi tsiku lonse. M'caka comweco Nduna ya za sayansi ndi umisiri, a Felix Mutati, inakhazikitsa ndondomeko ya dziko ya AI, koma ndondomeko imabala zipatso pokhapo pamene sukulu ya kumudzi ili ndi malaiti, makina ndi mphunzitsi.

Makolo ali ndi mbali yao. Mwana wokonda masamu ndi wofunsa-funsa za m'kati mwa lamya asathamangitsidwe ngati waulesi, ndipo mtsikana apatsidwe mpata wofanana ndi mnyamata. Koposa zonse, mwanayo asaleke cinenero ca makolo ake. Olemba mapulogalamu ali mbwee pa dziko lonse, koma wodziwa mavuto a pa msika wa Mandevu, nadziwanso kuwafotokoza m'Cinyanja comveka, sangaitanidwe kucokera kunja. Adzacokera m'nyumba za owerenga tsamba lino.