Filimu ya 1974 yomwe yandiphunzitsa kulemera kwa 'pepani'

Nditayamba kuonera The Yakuza pafoni usiku wina, ndinkangoyembekezera zibakera ndi mfuti basi, monga amakhalira mafilimu akale a ku America. Mfutizo zilimodi, malupanganso alimo. Koma chinandisowetsa tulo n'chala chimodzi.

Filimuyi inatuluka mu 1974 ndipo anaitsogolera ndi Sydney Pollack. Robert Mitchum akusewera ngati Harry Kilmer, mkulu wa ku America yemwe anakhalako ku Japan nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itangotha. Mnzake George Tanner akumupempha kuti abwerere ku Tokyo akapulumutse mwana wake wamkazi yemwe wagwidwa ndi a yakuza, magulu a zigawenga a ku Japan, kaamba ka malonda a mfuti omwe sanayende bwino.

Kilmer sangathe yekha. Akukagogoda kwa Tanaka Ken, yemwe akuseweredwa ndi Ken Takakura, munthu woti anasiya kale za uchigawenga. Ken samukonda Kilmer ngakhale pang'ono, komabe sangamukanire. Chifukwa chake? Ken ali kunkhondo ku Philippines, anthu akuganiza kuti anafa, Kilmer ndi amene anapulumutsa ndi kusamalira Eiko ndi mwana wake Hanako, mpaka kugwa naye m'chikondi Eikoyo. Anthu a ku Japan amati giri: ngongole yosabwezeka ndi ndalama.

Ngati simufuna kudziwiratu mathero, lekezani pompano.

Zaka zonsezi Kilmer ankadziwa kuti Ken ndi mchimwene wake wa Eiko. Ayi ndithu, ndi mwamuna wake, ndipo Hanako ndi mwana wake. Munthuyu anabwera kunkhondo n'kupeza mkazi wake ali ndi mdani wa dzulo, yemwenso ndi amene anamusungira banja. Anangokhala chete. Kenaka Hanako akuphedwa pa chiwembu chomwe chabwera chifukwa cha kubwerera kwa Kilmer.

Kilmer atadziwa zoona, ali kale pa ulendo wobwerera kwawo, akutembenuka n'kupita kwa Ken. Akudula chala chake chaching'ono, kuchikulunga m'kansalu n'kumupatsa. Umu ndi momwe a yakuza amapepesera akalakwa kwambiri.

Musandimve molakwa, sindikunena kuti tizidula zala. Ndipo filimuyi ili ndi vuto lake: Eiko, mwini nkhani yonseyi, maganizo ake samveka kwenikweni. Amuna ndi amene akugawana ululu ndi ulemu, iye ali phee.

Komabe mfundo yake yandigwira. Kilmer sanalakwe mwadala, ankaona ngati akuthandiza. Koma sanabisale kuseri kwa mawu akuti "sindimadziwa". Anavomera kuti chifundo chakecho chinaphwasula moyo wa munthu wina.

Ine ndili ndi mnzanga yemwe ndinamuyalutsa pagulu la WhatsApp chaka chatha. Ndinamutumizira "pepa aise" ndi kachithunzi ka manja opemphera, n'kuona ngati zatha. Sanayankhe mpaka lero. Loweruka likubwerali ndikwera minibasi, ndikamuonekere pamaso.