Mankhwala awiri m'kampope kamodzi

Kuno ku Wenya, Juni ndi Julaye akafika, kuzizira kumadzutsa mphumu m'nyumba zambiri. Onjezanipo utsi wa nkhuni m'khitchini, mumva mwana akulira mluzu pachifuwa usiku wonse.

Abale anga, taganizani za payipi yothirira kudimba. Madzi amachepa pa zifukwa ziwiri: wina wayiponda, kapena mkati mwamatirira matope. Timachubu ta mpweya m'mapapo mwa munthu wa mphumu timavutika ndi zonse ziwiri. Timinofu tozungulira timachubuto timafinya, ndipo mkati mwake mumatupa n'kudzaza makhololo.

Kampope ka salbutamol, kabuluu kamene ambiri timakadziwa, kamangochotsa phazi papayipi. Pamphindi zochepa munthu wayamba kupuma bwino, koma pakatha maola 4 mpaka 6 mphamvu yake yatha, matope aja ali pompo. N'chifukwa chake m'chaka cha 2019 bungwe la GINA, lomwe limalangiza madokotala a dziko lonse lapansi pa za mphumu, linasiya kulimbikitsa kuti akuluakulu ndi achinyamata azidalira salbutamol yekha.

Kampope kophatikiza kali ndi mankhwala awiri. Formoterol amachotsa phazi lija msanga, ndipo salilola kubwerera kwa maola pafupifupi 12. Budesonide ndiye wa matope: amaphwetsa kutupa pang'onopang'ono, ndipo ntchito yake imaoneka pakapita masiku, mwinanso masabata. Mukapopa kamodzi, onse awiri alowa. Palinso kena ka fluticasone ndi salmeterol, koma salmeterol amachedwa kugwira, choncho sikothandiza munthu akabanika mwadzidzidzi.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti ambiri amasiya kupopa chifuwa chikangokhala chete. Matope amayamba kumatiriranso osamveka, mpaka usiku wina mupezeka mukusaka galimoto yopita ku chipatala cha boma ku Chitipa. Poperani monga adokotala anakuuzirani, ngakhale pamasiku amene muli bwinobwino. Mukatha, chukuchani m'kamwa ndi madzi n'kulavula, kuti musatuluke zilonda zoyera palilime.

Bungwe la WHO linaika budesonide ndi formoterol pamndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2017, komabe m'zipatala zathu zakumidzi sapezeka kawirikawiri. Akakuuzani kuti palibe, funsani za kampope ka beclomethasone, kamene kamagwira ntchito ya matope ija, kuti muzigwiritsa ntchito pamodzi ndi kabuluu kanu.