Kuzula mbande: nkhani za anthu oyamba ndi chinzake

Ku Wovwe, ku Hara kapena ku Lufilya, m'masikimu a ku Karonga, mlimi wa mpunga amayamba wakonza kachigawo kakang'ono pafupi ndi madzi n'kufesapo mbewu mothinana. Imeneyo ndiyo nazale. Pakatha masabata atatu kapena anayi amazula mbande, kuzimanga m'timitolo, n'kukaziwokera m'matope a munda waukulu, ziwiri kapena zitatu paphando. M'madambo odalira mvula alipo ena amene amangomwaza mbewu, mpunga n'kumera pomwe wagwera n'kukhwimira pomwepo. Njira zonse ziwiri zimabala mpunga, ndipo njira zomwezi ndi zimene alembi a nkhani zachikondi amatsata.

Nkhani zambiri zimene tinakulira nazo ndi zomwaza. Mnyamata wakwera minibasi ya ku Songwe, maso agwera pa mtsikana amene sanamuonepo chibadwire, mtima wagunda, basi chikondi chamera. Zovuta zonse zimachokera kunja: bambo aukali, mwamuna wagalimoto, kalata yosafika. Mabuku ambiri a Mills & Boon, kampani ya ku London imene inayamba mu 1908, amayenda chonchi, ndipo amakoma.

Mtundu umene ndimaukonda ine ndi wa panazale. Awiriwa amadziwana kale. Anaphunzira kalasi imodzi, anabwerekana makope, anaimba kwaya imodzi, wina anagona pa maliro a mayi a mnzake. Ndi anthu a ponda apa nane m'pondepo, ndipo mudzi wonse unazolowera kuwaona limodzi moti palibenso amene amatembenuka. Mlembi wa nkhani yotere alibe ntchito yowakumanitsa. Ntchito yake ndi kuwazula.

Apa ndi pamene pagona mphamvu ya nkhaniyi. Munthu akafunsira mtsikana wachilendo n'kukanidwa, wataya madzulo amodzi ndi ulemu pang'ono. Akafunsira mnzake wa zaka khumi n'kukanidwa, wataya munthu amene akanakamudandaulira za kukanidwako. Mbande ikazulidwa sibwereranso panazale. Aliyense mwa awiriwa akudziwa zimenezi, n'chifukwa chake amakhala chete mitu isanu kapena khumi ya buku, owerenga ataona kalekale zimene iwo akukana kuona. Kudikira kumeneko ndiko kumatigoneka mochedwa, nyali ili chiyakire.

Chimene chimawadzutsa kawirikawiri ndi munthu wachitatu. Mu buku la Jane Austen lotchedwa Emma, la mu 1815, Emma wakhala akumuona Mr Knightley ngati munthu wa pabanja, popeza mng'ono wa Knightley anakwatira mkulu wake wa Emma. Amazindikira kuti amamukonda tsiku limene mnzake Harriet amuululira kuti nayenso maso ali pa bambo yemweyo. Mu filimu ya ku India ya mu 1998, Kuch Kuch Hota Hai, Anjali amadziwa za mtima wake pamene mnzake Rahul watengeka kale ndi Tina, ndipo amakwera sitima kuchoka pa koleji, n'kudzaonananso patapita zaka zoposa zisanu ndi zitatu.

Kuchedwa kotereku mlimi amakudziwa. Mbande yokhalitsa panazale imakula msinkhu, mizu n'kupiringizana ndi ya zinzake, ndipo ukaiwokera mochedwa sibereka ana ambiri. Amene anawerenga mabuku a Pacesetters, aja Macmillan inayamba kutulutsa mu 1977, akumbukira For Mbatha and Rabeka la David Maillu wa ku Kenya: mphunzitsi wa pulayimale amene wakhala ndi mtsikana mumtima kuyambira paubwana, mpaka atulukira mwamuna wandalama wa mumzinda. Kudziwana kuyambira kale sikunamuteteze Mbatha ku mantha a kulandidwa.

Wina anganene kuti zonsezi ndi za m'mabuku chabe. Mu 2021 Danu Anthony Stinson wa ku University of Victoria ku Canada ndi anzake anafalitsa kafukufuku wa anthu pafupifupi 1,900, ndipo anapeza kuti pafupifupi awiri mwa atatu alionse anayamba chibwenzi chawo ali anthu ocheza wamba. Anthu amenewo anali a ku Canada ndi ku America, koma aliyense amene wakhalapo pa ukwati ku Karonga n'kumva akwati akufotokoza komwe anadziwana sangadabwe nazo.

Chodabwitsa n'chakuti kwathu kuno nazale yotereyi ndi ya posachedwa. Monica Wilson, amene ndi mwamuna wake Godfrey anakhala pakati pa Anyakyusa ndi Angonde m'zaka za m'ma 1930, analemba mu buku lake la mu 1951, Good Company, za midzi ya anthu a msinkhu umodzi. Anyamata akafika zaka khumi kapena kuposerapo pang'ono ankachoka m'nyumba za makolo n'kumanga timanyumba tawo m'mphepete mwa mudzi, kukulira limodzi, ndipo akakwatira ankabweretsa akazi awo kumeneko. Chinzake chinali chinthu chamtengo wapatali, koma chinali cha amuna okhaokha ndi akazi okhaokha. Mwamuna ankadya ndi anzake. Mkazi ankabwera kudzera m'makolo ndi ng'ombe. Ngakhale Legson Kayira, mwana wa ku Nthalire, polemba Jingala mu 1969 anationetsa mkulu amene akudikira mtsikana wamng'ono amene anamulonjeza. Sukulu zophatikiza anyamata ndi atsikana, makwaya, misika ndipo tsopano foni ndi zimene zapangitsa kuti mnyamata ndi mtsikana akhale anzake kwa zaka popanda wonena kuti pali kanthu. Choncho mlembi wa ku Karonga ali ndi nkhani imene agogo ake sakanailemba.

Ali ndi zinthu zimene mlembi wa ku London alibe. Kuno munda umene mbande ikupita uli ndi eni ake. Mnyamata amene ankalowa m'khitchini ya mayi a mnzake n'kudzipakulira mbalagha osapempha, tsiku lotsatira ayenera kutuma thenga, kukhala patali, kuyankha mogwada, ndi kumva chiwerengero cha ng'ombe za malowolo. Mayi amene ankamuti mwananga asanduka apongozi oyenera kuwaopa. Mtsikana amene ankamuitana kuti iwe pamaso pa aliyense ayamba kusankha mawu. Ndipo zikalephereka, palibe kothawira: adzakumanabe pa depoti, ku tchalitchi, ku chigayo cha mpunga, mabanja awo akulima moyandikana pa sikimu.

Dandaulo langa ndi alembi ambiri a nkhani zazifupi ndi lakuti amathera pa tsamba limene mnyamata waulula, mtsikana wamwetulira. Amasiya nkhani pamene yayamba kukoma. Mpunga wowokeredwa kumene umafota. Kwa masiku angapo masamba amagwa n'kuchita chikasu, munda n'kuoneka ngati wawonongeka, kufikira mizu yatsopano itagwira. Anthu awiri amene aululirana amadutsa m'masiku omwewo. Tiyerekeze kuti mnyamatayo ndi wa kabaza. Zaka zonsezi mtsikana akakwera pa keriyala ankamugwira malaya n'kumamunyoza kuti akupalasa ngati nkhalamba. Mawa lake la kuululako wakwera, wagwira chitsulo cha pansi pa chishalo, ndipo kuchokera pa raundi abauti mpaka kunyanja palibe walankhula. Potsika watulutsa ndalama yolipira, chinthu chimene sanachitepo. Mnyamata akuti, "Iwe, ukutani?" Iye akuti, "Landira basi." Mlembi amene angakhale pa masiku amenewa mitu iwiri kapena itatu, osathamangira ku ukwati, ndiye wamvetsa nkhani yake.

Mlimi wosamala amathirira nazale asanazule kuti mizu isaduke. Ndi mmenenso mlembi ayenera kukonzera owerenga: tione awiriwa akukangana za mpira, akubisirana zolakwa, wina akudziwa kuti mnzake akakwiya amasiya kudya. Popanda zimenezi, kutiuza kuti anali anzake apamtima ndi mawu chabe, ndipo sitimva kuwawa pozula.

Pali malo amodzi pamene mpunga sutithandizanso. Mbande iliyonse inafesedwa kuti idzawokeredwe, koma chinzake chambiri pakati pa mwamuna ndi mkazi n'chokwanira chokha momwe chilili. Nkhani za mtundu uwu zikalembedwa mosasamala zimaphunzitsa anyamata kuti kuthandiza mtsikana masamu kapena kumunyamulira thumba ndi kulipira pang'onopang'ono, ndipo kuti tsiku lina ali ndi ufulu wokolola. Mtsikana akakana amatchedwa wosayamika. Zimenezi zimandipweteka, chifukwa zaphwanya ubwenzi wabwino wambiri ndipo zachititsa atsikana kuopa chifundo cha amuna. Ndikufuna kuwerenga nkhani imene mtsikana akuti, "Ndimakukonda ngati mlongo wanga, ndipo sizisintha," mnyamata n'kupita kukalira, kenako n'kubweranso kudzanyamula mipando pa chinkhoswe chake. Ndikufunanso imene woulula ndi mtsikana, pakuti m'nkhani zathu zambiri iye amangodikira kufunsiridwa.

Zoterezi sizifuna kudikira osindikiza mabuku a ku Blantyre. Karonga ili ndi Radio Dinosaur ndi Tuntufye FM, ndipo nkhani ya mitu khumi yowerengedwa mutu umodzi pa sabata, m'Kyangonde kapena m'Chitumbuka, ingafike ku Kaporo ndi ku Mlare kwa anthu amene sanagulepo buku lopeka.